Kujambulira Apongozi Phiri la Chambe

Lolemba

Lero apongozi aamuna andiyankhula okha, osadzera kwa mwana wawo. Zaka khumi ndi zinayi ndili pachikamwini pano, ndipo uthenga wawo wonse umandipeza kudzera mwa akazi anga, mayi a Lonjezo. Koma lero andiimitsa patsinde pa mtengo wa mapeyala ndikutulutsa njinga.

"Akamwini, Lamulungu ndikupita. Mundijambulire Chambe mmene amaonekera pakhonde pangapa. Ioneke njira ija tinkatsikira ndi matabwa."

Basi. Atembenuka, alowa m'nyumba. Ine chilili ndi njinga.

Akupita kukakhala kwa alamu ku Mzuzu. Mawondo atha, maso nawo ayamba chifunga, ndipo kumeneko chipatala n'chapafupi. Munthu amene anabwera kuno pothawa nkhondo ku Mozambique, n'kusenza matabwa kuchokera pamwamba pa Chambe mpaka tsitsi la paliwombo linasiya kumera. Ntchito yanga yojambula ziphaso ndi maukwati pa Chitakale amaitcha "kutsinzina diso limodzi". Lero ndiye kutsinzina kuja kwafunika!

Vuto ndi lakuti kamera yanga ikajambula phiri, Chambe amatuluka ngati chulu. Ndapalasa mpaka pa Chinakanaka kwa Che Saidi, mnzanga wogulitsa mafoni. Mphwawo wa ku Joni anasiya lenzi yaitali, yokokera zinthu zakutali pafupi. Andibwereka mpaka Loweruka osafunsa zambiri. Aphatikizapo kagalasi kakuda komangira kutsogolo kwa lenzi, akuti fyuluta. "Ukakazunguza kamachotsa kunyezimira konse, thambo limabwera bii." Mulungu awadalitse Che Saidi.

Dongosolo:
1. Lachiwiri kujambula.
2. Lachitatu kutsukitsa, chachikulu.
3. Lachinayi felemu.
4. Masiku otsalawo kulandira ulemu.

Lachiwiri

M'mamawa ndili kale kuseri kwa nyumba, m'mphepete mwa munda wa tiyi. Dzuwa likutulukira kumbuyo kwa phiri, kundiwomba m'maso. Ndikuzunguza fyuluta, palibe chikusintha. Ndaimbira Che Saidi. "Dzuwa lizikhala paphewa, osati pamphumi. Sindinakuuze?" Sanandiuze.

Ndadikira mpaka dzuwa lapendeka. Eee, zodabwitsa! Kuzunguza pang'ono chabe, thambo likuda bwino, tiyi akubiriwira ngati wangovumbwa kumene, thanthwe la Chambe lili pafupi moti ndingalikhudze. Ndaseka ndekha mpaka amayi othyola tiyi aimika ntchito kundiyang'ana.

Koma lenzi iyi ili ndi khalidwe lake. Ndikamakonza fokasi kuti phiri lioneke bwino, kutsogolo kwake konse kukuzungulira, fyuluta n'kuzungulira nayo limodzi, thambo n'kuyeranso mbuu. Ndikabweza fyuluta, dzanja likusuntha fokasi. Ndikakonza uku, kwawonongeka uko. Ngati kufunda bulangete lalifupi: ukaphimba mutu, mapazi ali panja.

Zithunzi makumi anayi. Pakagalasi ka kamera zikuoneka zokongola. Kungozikuza, zonse chimbuuzi. Njira ya matabwa sikuoneka n'komwe.

Zoyamika lero: sindinagwetse lenzi ya eni.

Lachitatu

Ndazindikira. Fyuluta ikudya kuwala, ndiye kamera ikuchedwa kuphethira, ndipo lenzi yaitali imakuza chilichonse, ngakhale kunjenjemera kwa manja. Sindimadziwa kuti manja anga amanjenjemera chonchi. Kaya ndi ukalamba, kaya ndi apongozi.

Miyendo itatu yoimikapo kamera ndilibe. Inathyoka paukwati chaka chatha, ankhoswe atavina chobwerera m'mbuyo. Ndayesa izi:
- chishalo cha njinga (njinga yagwa, kamera ndaiwakha)
- phewa la mayi a Lonjezo (akuseka, phiri likuvina)
- mtondo wozondotsa, pamwamba pake kathumba ka nandolo

Mtondo ndiye wathandiza. Lenzi yagona pa nandolo ngati khanda, osagwedera. Ndaphunziranso ndondomeko yake: fokasi poyamba, kenako fyuluta ndi nsonga za zala ziwiri, kenako kupemphera.

Ndangojambula zitatu, mayi a Lonjezo atulukira. Akufuna mtondo wawo, asinje mtedza wa kamba wa paulendo. "Phiri silithawa, bambo a Lonjezo. Amene akupita ndi bambo anga." Ndapereka. Munthu akanena zoona umangopereka.

Zitatu zija ndazikuza. Bwinoko, komabe ngati wina wazipaka mafuta. Sindikumvetsa. Mtondo sunjenjemera.

Apongozi adutsa poteropo, ayang'ana kathumba ka nandolo, ayang'ana ine. Apitirira, ndipo ndathokoza.

Lachinayi

Utsi. Wina wasankha lero lomwe kutentha tchire kuti asake mbewa, ndipo phiri lonse lafunda. Ndikuzunguza fyuluta, ndikuzunguza, utsi uli phee, ulibe nazo ntchito.

Ndaganiza zoichotsa kaye ndione. Sikuchoka! Lolemba ndinaimanga ndi mphamvu zonse ngati nati ya njinga, kuopa kutaya chinthu cha eni. Kagalasika kali ndi mikombero iwiri, wakunja wongozungulira, wamkati womanga. Zala zangazi zikugwira wakunja wokha. Ola lathunthu ndakhala ndikupukusa mkombero umene ntchito yake ndi kuzungulira basi.

Malangizo amene ndalandira pa Chitakale:
- wowotcherera zitsulo: "Bweretsa ndiigogode pang'ono."
- wa kabaza: mafuta ophikira
- amayi ogulitsa nanazi: "Bwanji osangokwera phirilo mukajambule pafupi?"

Lomalizali landipweteka chifukwa ndi lanzeru. Koma apongozi anati mmene amaonekera pakhonde pawo. Komanso mawondo angawa ndikuwadziwa.

Felemu ndagula. Ili pakhoma, mulibe kanthu. Mayi a Lonjezo akuti ikuoneka bwino choncho, ndisaiwononge.

Masiku atsala awiri ndipo mantha andigwira. Chinthu chimodzi chokha chimene mkuluyu wandipemphapo chikwatirire mwana wake.

Lachisanu

Ndawadikira Che Saidi pashopu mpaka atuluka ku mzikiti. Amva nkhani yonse osaseka, ndipo pa chimenechi chokha ndi munthu wa Mulungu. Adula kamphira ka chubu cha njinga, akulunga mkombero wamkati, apotoza kamodzi. Yachoka.

Aikweza fyulutayo poyera, aipendeketsa uku ndi uku. "Mphwanga ameneyu amagula zinthu zapamsewu. Galasi ili si losalala. Pa lenzi yaifupi sungadziwe, koma yaitali imaulula."

Ndayesa popanda fyuluta. Chikwangwani cha kutsidya kwa msewu, zilembo zonse ngwee, mpaka ntchentche imene yatera pamenepo ndikuiwerenga miyendo. Ndiye kuti sanali manja anga! Sabata yonse ndimadzida, wolakwa ali phee kutsogolo kwa lenzi. Pang'onong'ono ndikanawakumbatira Che Saidi pamaso pa makasitomala.

Ndapalasa ngati wamisala kubwerera. Ndili pakati pa ulendo, mphepo yozizira kumaso. Chiperoni. Ndikuona ndi maso angawa mtambo ukutsika, ukumeza Chambe kuyambira kumutu. Pofika kunyumba kulibe phiri. Kuli khoma loyera ndi mvula yowaza.

Zoyamika lero: mpiru wa mayi a Lonjezo wamwa madzi. Ndikuyesetsa.

Loweruka

Chiperoni chikadalipo. Abale adzaza pabwalo kudzatsanzika. Ine ndakhala kutali, pafupi ndi khola la mbuzi, malo a mkamwini. Lenzi ili pamwendo chifukwa madzulo ikubwerera kwa eni ake.

Apongozi ali pakhonde, chipewa chili pabondo, akuyang'ana kumene kumakhala phiri. Anthu akuwayankhula, iwo akungogwedeza mutu. Ndadzutsa kamera. Ubwino wa lenzi yaitali ndi umenewu, ukhoza kuwayandikira apongozi osasuntha pamalo ako. Popanda fyuluta, chigongono pabondo, mpweya ndaugwira. Kamodzi kokha.

Chithunzi chatuluka bwino moti ndachita mantha. Makwinya onse, dazi la matabwa lija, ngakhale timadontho ta chiperoni pajekete. Zaka khumi ndi zinayi, nkhope yawo sindinaiyang'anepo chonchi.

Koma si chimene anapempha. Ndatsukitsa ziwiri pa Chitakale: chimenechi, ndi chimodzi mwa zitatu za pamtondo zija, phiri lachimbuuzi. Phirilo ndaliika mu felemu ndi manyazi. Lenzi ndabweza, pamodzi ndi nanazi ziwiri. Fyuluta Che Saidi akuti ndisunge, mwina ndingavundikirire kapu ya tiyi.

Lamulungu

Katundu ali pasiteji ya minibasi pa Chitakale. Felemu ndapereka ndi manja awiri, nditawerama. Ndayamba kufotokoza za fyuluta, za utsi, za mtondo. Sakumvetsera. Aiika patali, aibweretsa pafupi ndi mphuno.

"Ndi yemweyu. Mmene ndimamuonera masiku ano ndi chonchi."

Kenako chala chawo chayamba kuyenda pamalo pamene ine ndikungoona mafuta. "Apa timayambira. Apa pali mwala, timatula n'kukonza nkhata. Apa anaterereka mnzanga Alufeyo, thabwa linayamba kufika pansi iye asanafike." Njira yonse aitsika ndi chala, osaphonya popumira paliponse, mpaka kondakitala wayamba kumenya chitseko. Ine njirayo sindikuionabe.

Akwera. Felemu akana kuti iikidwe kumbuyo ndi katundu, ili pamiyendo pawo. Pawindo atulutsa mawu othokoza a kwawo kuja, amene amangowanena chinthu chikawafika pamtima. "Obirigado, mwananga. Diso lanu limodzi lija limagwira ntchito." Ndasangalala, ndamva chisoni, zonse pamodzi.

Chithunzi chinacho, cha nkhope ya apongozi, ndawapatsa mayi a Lonjezo titafika kunyumba. Achiyang'ana nthawi yaitali, alowa nacho kuchipinda, atseka chitseko. Nkhomaliro tadya mochedwa ndipo palibe wadandaula.

Chakumadzulo chiperoni chachoka. Chambe ali poyera, wosambitsidwa, dzuwa lili paphewa penipeni, njira ya matabwa ikuoneka popanda chilichonse. Lenzi ili ku Chinakanaka. Ndatulutsa mpando, ndakhala pakhonde la apongozi, ndikungomuyang'ana ndi maso onse awiri.