Kuwerenga Mphamba pa Manja

Lolemba

Ndayamba! Mwana wanga Tadala wanditumizira magalasi oonera patali kuchokera ku Joni, ndipo wandilowetsa m'gulu la pafoni la anthu owerenga mbalame zolusa. Akuti nyengo ino yotentha, mvula isanayambe, mphamba ndi akabawi amachoka kumaiko akutali n'kudutsa pamwamba pathu pano. Ntchito yanga: kuwerenga sabata yonse, Lamulungu n'kutumiza nambala. Ine ndaphunzitsa masamu zaka makumi atatu. Mbalame zingandivute?

Zida:
magalasi
kope latsopano
mpando wapulasitiki
ambulera
thobwa m'botolo

Malo: pamwamba pa nyumba yosatha ya alamu anga, moyang'ana phiri la Soche.

Mai Kachingwe a kuseri akukuwa ali pansi: "Aphunzitsi, mukaziwerengazo muzidya?" Anthu a pa Manja! Chilichonse chouluka kwa iwo n'ndiwo basi.

Zowerengedwa: 23. Ndikudzinyadira.

Lachiwiri

Che Amidu, dalaivala wa lole woweta nkhunda uja, akwera makwerero osaitanidwa. Akuyang'ana kumwamba ndi maso okhaokha.

"Madam, amenewotu ndi akhungubwe. Taonani khosi loyeralo. Akupita kudzala la kumsika."

Munthu wodziwa magiya okha akuphunzitsa ine! Ndadikira atsike kaye, ndiye n'kutsegula zithunzi za pagulu paja. Khosi loyera. Ndafufuta 23 uja pang'onopang'ono, ngati ndinali nazo kale m'maganizo.

Zowerengedwa: 0. Koma ndi ziro wolondola.

Lachitatu

Osaka mbewa atentha phiri. Utsi wokhawokha, maso akulira okha.

Zomwe zadutsa kumwamba:
jumbo lakuda, limodzi (ndinalilemba, ndafufuta)
ndege ya ku Chileka
akhungubwe (tadana)
ambulera yanga

Masana Mai Kachingwe abwera, chitenje chili m'chiuno ngati akupita kundewu. Akuti bafa lawo lilibe denga, ndipo bambo akunyumba kwao sanasambe chiyambire Lolemba chifukwa cha ine. Magalasi ochokera ku Joni ndiwaonongere pa mimba ya a Kachingwe? Ndi ntchito ya maso imeneyo? Ndawauza kuti ine ndimayang'ana kumwamba. Akuti, "Nanga khosi likatopa mumayang'ana kuti?"

Lachinayi

Pa Manja palibe sayansi. Ndapita mtauni. Kondakitala wa minibasi akuti, "Mami, kamerayo tijambuleni tituluke pa TV."

Ndimati ndikwere pamwamba pa nyumba yosanja yaitali, koma mlonda akufuna kalata ya abwana. Abwana ali kumsonkhano. Ndaima m'mbali mwa msewu, magalasi kumwamba. Posakhalitsa anthu andizungulira, onse makosi chagada. Wina akuti pali munthu akufuna kudziponya. Wina akuti wamuona, wavala malaya ofiira. Mayi wogulitsa nthochi wayamba kupemphera. Tauni yonse yopanda chochita!

Ndachokapo mwakachetechete. Ndawasiya akuyang'anabe.

Zowerengedwa: 0. Khosi lauma ngati mtengo.

Lachisanu

Mphamba! Weniweni! Wofiirira, mchira wa mphanda, akuzungulira osakupiza n'komwe mapiko. Mtima ukugunda ngati wa mtsikana. Ndalemba: 1.

Kenaka watsika ngati mwala, phwi! pa denga la Che Amidu. Wanyamula nkhunda yoyera ija, yomwe amaidyetsa pamanja. Eni ake ali ku mzikiti. Ndaona zonse bwinobwino, mpaka nthenga. Magalasiwa ndi abwino, zimenezo ndivomere.

Pomwe Che Amidu akufika, Mai Kachingwe afalitsa kale mzere wonse: akuti mbalamezo ndimachita kuziitana ndi magalasi. Ine, mayi amene sangaitane ngakhale nkhuku yake yomwe!

Che Amidu sanakalipe. Angoima pansi pa makwerero, kofia m'manja. "Munaona, Madam? Osakuwa n'komwe?"

Sindinakuwe. Ndimalemba.

Thobwa lero silikumweka.

Loweruka

Mvula yoyamba m'mawa. Fungo la dothi. Pagulu paja alemba kuti lero ndiye tsiku lake: ngumbi zikatuluka, mphamba amasonkhana. Ndapukuta magalasi, ndavala nsapato.

Odi pakhomo. Amayi awiri a kumpingo, atavala yunifolomu. Akuti amva zinazake, abwera kudzandilimbikitsa. Mai Kachingwe ali pambuyo pao, nkhope ngati ya mngelo.

Tiyi. Nyimbo, mavesi onse asanu. Kenaka pemphero. Amayi apampando akayamba kupemphera amayambira pa Adamu.

Ali cha ku Iguputo, kunja kwabuka phokoso. "Taonani! Taonani kumwamba!" Ine chogwada, maso otseka, dzanja langa lili m'dzanja la Mai Kachingwe. Agwira ngati pulayazi. Ndatsegula diso limodzi: katani yekhayekha.

Amen wafika patatha mphindi makumi anayi. Ndathamanga wopanda nsapato. Kumwamba mbee! Mapiko a ngumbi okha m'matope.

Che Amidu ali pa mpanda. "Zinalipo, Madam. Kumwamba kunachita bii."

"Zingati?"

"Zambiri."

Zambiri si nambala! Manja yonse yaona, palibe ndi mmodzi yemwe wawerenga.

Lamulungu

Kutchalitchi benchi langa ndi lotakasuka lero. Mbali zonse ziwiri.

Ndatumiza nambala: 1. Anzanga a kwina atumiza mazanamazana, ndi zithunzi zomwe. Mkulu wa gulu wandiyankha ndi kachala koloza kumwamba. Tadala akuti, "Mwayesetsa, amayi." Ndi mau omwe ndinkalemba m'makope a ana olephera.

Potuluka kutchalitchi ndakwera minibasi mpaka ku Limbe. Ndagula nkhunda ziwiri zoyera, ndasankha ndekha, yaimuna ndi yaikazi, kuti Che Amidu ayambirenso. Ndawapatsira pa mpanda. Alandira ndi manja awiri, athokoza kwambiri. Azitembenuza, aziyang'ana, azitembenuzanso.

"Nenani," ndatero.

"Zonse ziwiri n'zazimuna, Madam."

Magalasi ndawaika m'kabati, pansi pa nsalu za patebulo. Mbalamezo zizidziwerenga zokha.