Tsiku limene ndinabayibitsa sitima

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, koma poti anzanga akutchalitchi ayamba kuifalitsa mokokomeza, bola ndiinene ndekha.

Inali nthawi ya korona, malire ali otseka. Ine ndinkafuna kukwatira Tadala, koma makolo ake ku Lilongwe anati mawu onse ali ndi azakhali ake, a Nachisale, nesi yemwe wakhalitsa kuno ku Perth. Iwowo akakana, ukwati wathera pomwepo.

Ndiye ndinati ndiwasangalatse. Ndinapita nawo kupaki ina kuseri kwa Malaga, komwe kuli kasitima kakale kozungulira m'tchire, koyendetsedwa ndi madala opuma pantchito. Tinatsikira pakasiteshoni kapakati: benchi imodzi, denga la malata, popanda wogulitsa matikiti kapena mlonda. Pamenepo sitima imaima pokhapokha wina akaiimitsa.

Titayendayenda, dzuwa linakula, mawondo a azakhali n'kuyamba kudandaula. Tinabwerera pabenchi paja.

"A Yamikani, kaimitsidwe kake mukukadziwa?" anandifunsa.

"Musadandaule, anti. Ine ndimagwira ntchito ku Kewdale, kudepoti ya masitima akatundu. Masitima ndi anzanga."

Sitima itatulukira, ndinakweza dzanja n'kuikodola mwachikwathu, zala kutseka ndi kutsegula: bwera kuno. Dalaivala analiza hutala, nayenso n'kukweza dzanja. Ana onse m'mabogi anakuwa, "Bye-bye!" Sitima ija n'kudutsa.

"Mwina yadzaza," ndinatero. "Social distance."

"Mmm," anatero azakhali.

Itazungulira n'kubweranso, ndinakodola ndi manja onse awiri uku ndikudumpha. Ndinakuwa kuti iime, koma mawu anathera m'masiki. Ulendo uno ngakhale agogo achizungu anaimirira kundibayibitsa, wina mpaka kundijambula. Mantha anandigwira zenizeni. Ndinaona ukwati wanga ukupita ndi bogi yomaliza.

"Ikubwerayo ndi yotsiriza lero," anatero azakhali. "Takhalani pansi, mupume."

Itafika, iwo anangotambasula mkono, osagwedeza ngakhale chala. Sitima n'kuima ngati mwana woitanidwa ndi mayi ake.

Dalaivala anasuzumira pawindo n'kundiloza. "Best waver on the line, mate!" Akuti panjanji yonseyo, katswiri wobayibitsa ndinali ine.

Tili m'bogi, azakhali anandiuza kuti kuno kukodola kwathu kuja ndi kutsanzika. Ankadziwa kuyambira poyamba, koma ankafuna aone ngati ndimafunsa zinthu zikandikanika. Kenaka anatulutsa foni n'kuimbira bambo ake a Tadala, pa speaker, ine ndili pompo.

"Achimwene, mnyamata uja ndamuona. Kufunsa safunsa."

Ndinatseka maso.

"Koma mupatseni mwanayo, ulemu ali nawo. Ngakhale sitima ikamuthawa, amaitsanzika ndi manja awiri."

Kunja kuno, abale, dzanja nalonso limafunika kuphunzira Chingerezi.