Mimba ya a Jobson

Pa boda ya Mchinji panalibe munthu wosaidziwa mimba ya a Jobson, ogulitsa kaunjika aja. Akakwera matola opita ku Dambe, galimoto inkapendekeka, kondakitala n'kuyamba kusamutsa matumba uku akung'ung'udza.

Zaka zimenezo Edzi inali itavuta, ndipo munthu akangoonda pang'ono, anthu ankayamba kunong'onezana. Ndiye a Jobson mimba ija anaisandutsa umboni woti iwo alibe. Akaona dalaivala wa thiraki woonda, ankaimenya phaphapha.

"Achimwene, kolala yakula bwanji? Bokosi mwaoda kale?"

Anthu ankaseka, poopa kuti mawa anenedwa ndi iwo. Akazi awo, a Zelifa, ankayang'ana pansi, koma kunena zoona mumtima ankanyadira. Mwamuna wonenepa ankayeretsa ndi mkazi yemwe.

Tsiku lina nesi wa pa boma, a Emmie, anawachenjeza akusankha majuzi.

"Bambo, mafuta a pamimbawa sakhala phee ayi. Amathira zinthu m'magazi zimene zimakulitsa zotupa. Khansa imakonda matupi otere."

"Nsanje basi, asisitala. Inu miyendo ngati bango, mungandiuze chiyani?"

Anaitanitsa nyama ya nkhumba ya pachiwaya, yamafuta okhaokha, n'kudyera pamaso pawo.

Khansa ya m'matumbo itawagwira, anasungunuka msangamsanga. Imfa sankaiopa kwenikweni, ankaopa pakamwa pa anthu. M'mawa uliwonse a Zelifa ankawakulunga majuzi a kaunjika pamimba, n'kuwaveka malaya pamwamba. Ankatuluka choncho, dzuwa likuswa mtengo, thukuta kamukamu. Kenako juzi imodzi inapulumuka n'kugwa pakati pa msika. Anaitola anali mmodzi mwa madalaivala omwe ankawanena za kolala aja.

"Bwana, mwagwetsa thanzi lanu."

Pamaliro a Zelifa anauza aliyense kuti inali khansa, madokotala anatero. Anthu ankavomera ndi mutu, "Eya, khansa," maso ali pakhosi ndi pamikono ya namfedwa, kuyeza.

Pa boda pano pazizira. Oonda amadutsa mwamtendere, ndipo ena amati mwano uja amausowa ndithu. A Zelifa chimene chinapha amuna awo akuchidziwa bwino, ndipo chimawaopsa. Koma masana aliwonse amakhala panja, poonekera, n'kumakankhira mandasi ndi chipisi kukhosi ngakhale mseru ukuwavuta, kuti odutsa aone kuti sakuonda.