Kapisozi wa Zovala ndi Chipinda cha Amayi

Lolemba

Amayi akubwera Lamulungu. Achimwene aimba foni m'mawa: bala lija la pamwendo silikupola, shuga naye wakwera, ndiye adokotala akuti azikaonekera pafupipafupi kuchipatala cha pa Boma. Kuchokera kumudzi kwathu kumalire, komwe minibasi siifika, sangakwanitse. Adzakhala kuno kwa ine.

Ngati akhale n'komwe! Ulendo watha tinawagoneka pabalaza, pakati pa tebulo ndi njinga ya amuna anga, bambo a Tadala. Pasanathe sabata ndinawapeza atamanga kale katundu: "Ndikukupanikizani, ana anga." Anapita mankhwala asanathe. Ulendo uno sindilola. Akabwereranso kumudzi bala lili choncho, mwendowo ndikuuopera.

Chipinda chilipo, kachipinda ka kuseri, ka mwana wathu Tadala amene ali ku sekondale yogonera komweko. Koma muli eni ake: zovala zanga. Chingwe chochokera khoma ili kukafika khoma ilo chalemedwa mpaka chawerama. Masutikesi, matumba, zina pa zenera. Bedi silioneka n'komwe.

Mwayi wake, kusukulu Madamu Esnati, amene timaphunzitsa limodzi Sitandade 3, andionetsa kakanema pa foni. Mayi wina wa kunja, zovala zake zonse zakwana pa mahang'ala ochepa, mitundu yake yogwirizana: chakuda, choyera, cha khaki. Ukatola chilichonse utatsinzina, chikuyenderana ndi chinzake. Akuti dzina lake ndi kapisozi. Inde, ngati wa kuchipatala uja. Kanthu kakang'ono, mphamvu zonse m'kati.

Ndasankha. Kapisozi wanga:
- masiketi akuda awiri
- siketi ya khaki
- mabulauzi oyera atatu
- diresi lopanda maluwa
- juzi yotuwa (Mulanje ndi Mulanje)
- chitenje chimodzi. CHIMODZI!

Zotsala zonse m'matumba, ndigawe. Bedi laoneka! Ndinaiwala kuti miyendo yake ndi yobiriwira.

Bambo a Tadala abwera kuchokera ku esiteti ya tiyi, ndawauza monyada kuti ndayamba kapisozi. Iwo: "Mukudwala chiyani?"

Lachiwiri

Ndavala osaganiza n'komwe. Bulauzi yoyera, siketi yakuda. Kunja kukuwaza, ndiye ndamanga duku loyera kuti tsitsi lisanyowe. Pagalasi ndikuoneka ngati munthu wodziwa chimene akuchita pa moyo.

Wakabaza wanga wa masiku onse, amene amapalasa njinga kawayilesi kali pamwamba, lero wakazimitsa nditangokhala. Njira yonse ali duu. Zigumula akuzilambalala mwaulemu, chinthu chimene sanachitepo. Pofika pa geti: "Pepani mayi, zovutazi zagwa kuti?"

Zovuta ziti?

Mlonda wavula chipewa. Ahedi andiitanira pambali, mawu otsitsa: "Mukanangotumiza uthenga, Madamu, kalasi tikanaona chochita. Mwambo uyamba nthawi yanji?"

Ndiye ndadziyang'ana bwinobwino. Bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera. Yunifolomu yeniyeni ya amayi a mpingo wa kuseri kwa msika, imene amavala akamapita kukaimba pamaliro! Mayi wa pa foni uja zimenezi sananene.

Ana a Sitandade 3 akhala phee tsiku lonse. Wina mpaka wandipukutira bolodi osatumidwa. Phindu loyamba la kapisozi.

Pobwerera, lole ya tiyi yandiwaza matope ofiira kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Bulauzi imodzi yapuma ntchito. Komabe m'kachipinda muli mpweya. Ndasesa, ndakolopa, ndatsegula zenera lomwe linaiwala kuti limatseguka. Amayi adzagona ngati bwana.

Lachitatu

Siketi ya khaki, bulauzi yoyera, duku ayi. Palibe wandipepesa. Zikuyenda!

Masana ndangofika pakhomo, odi. Amayi atcheya a kumpingo kwathu ndi anzawo, Baibulo m'manja, nkhope zakugwa. Akuti anthu anandiona dzulo pa kabaza nditavala za mpingo wina. "Ngati tinakulakwirani, mayi, tiuzeni tikambirane. Osangochoka mwakachetechete." Ndafotokoza za kapisozi kuyambira pachiyambi. Amvetsera mwaulemu kwambiri, kenako andipempherera.

Potsazika: "Mawa pa msonkhano wa amayi mubwere mutavala nsalu yathu, anthu adzionere okha."

Nsalu yathuyo ili pansi penipeni pa thumba lalikulu. Ndakhuthula lonse.

Ndili m'kati mokhuthula, foni. Lero ndi tsiku la gulu lathu la banki m'khonde, ndipo wobwera wopanda chitenje cha gulu amavina yekha pakati, anzake akuwomba m'manja. Ine kuvina ndimatha, koma osati ngati chilango. Chitenje cha gulu n'chobiriwira, cha zinanazi zachikasu zikuluzikulu. Chili m'thumba lina. Ndakhuthulanso.

Kusintha pang'ono malamulo a kapisozi. Zololedwa kubwerera:
- nsalu ya mpingo, bulauzi yake, duku lake
- zinanazi
- chitenje cha pamaliro enieni
- nsalu ya aphunzitsi a zoni yathu

Izi si zovala kwenikweni. Ndi ziphaso. Ndazipachika kumapeto kwa chingwe, sizikudya malo.

Thumba limodzi ndalimanga msangamsanga ndisanasinthe maganizo. Ndapatsira alamu anga a Joyisi, achemwali a bambo a Tadala, amene adutsa popita kumudzi kwawo. Akagawe komweko. Limodzi lapita!

Lachinayi

Kumsonkhano wa amayi andiimbira nyimbo ya nkhosa yotayika. Ndavina nawo, nanga n'kutani.

Pobwera ndapeza njinga pakhomo, thumba langa lija lili pa kaliyala. Amalume a bambo a Tadala akhala pakhonde, chipewa pabondo, madzi akumwa akana. Iwo ndiwo ankhoswe athu, sabwera wamba.

Nkhani yake ndi iyi. Alamu atafika kumudzi dzulo anakhuthula thumba pabwalo kuti anthu asankhe. Apongozi anga, amayi a bambo a Tadala, anangoona chitenje china chofiira cha mikombero yoyera n'kukhala pansi. Ndi chimene anandiveka ndi manja awo tsiku la chinkhoswe! Ine sindinachione polongedza, ndikulumbira, chinapindika m'kati mwa diresi. Tsono mkazi akabweza nsalu ya apongozi kwawo kwa mwamuna, popanda mawu aliwonse, anthu aganize chiyani?

Amalume: "Tatumidwa kuti tidzamve ngati banja lilipo."

Bambo a Tadala afika nkhani ili m'kati. Amva funsolo, atsamiritsa njinga, andiyang'ana. "Inenso ndimve nawo."

Ndagwada, ndafotokozanso za kapisozi. Amalume afunsa ngati mankhwalawo ndikumwa mwa kufuna kwanga. Ndayambiranso. Pomaliza aseka mpaka kutsokomola, alandira tiyi ndi mbatata. Banja lilipo.

Thumba labwera ndi zonse. Palibe anafuna kutenga katundu wa mlandu, ngakhale alamu amene dzulo anali atayesa kale diresi langa la maluwa. Pamwamba pake apongozi awonjezera chitenje chatsopano, cha buluu ndi chikasu, kuti mwina chakale chija ndinatopa nacho.

Ndisaname, n'chokongola. Ndachiyesa pagalasi kawiri.

Lachisanu

Chiperoni: nkhungu, mvula yowaza ndi kuzizira. Phiri silikuoneka, ngakhale mtengo wa mapeyala wa pakhomo pano sukuoneka. Mabulauzi oyera onse ali pachingwe chapanja chinyowere, ya matope ija yasanduka mtundu wa njerwa. Kodi kwawo kwa mayi wa pa foni uja zovala zimauma bwanji?

Komanso lero ndi tsiku lovala zachikhalidwe kuntchito. Kapisozi alibe chikhalidwe. Ndatsegula sutikesi, ndatulutsa diresi langa la chitenje la manja otukumuka, losokedwa ndi telala wa pa Nkando. Nditangolivala thupi lati zikomo. Juzi yotuwa payokha kuzizira kwa lero siikukutha, ndiye ndafukulanso:
- sikafu
- chijuzi chabulauni chimene Lolemba ndinati sindidzachivalanso
- masokosi a mizeremizere

Madamu Esnati, mwini nzeru yonseyi, abwera atavala pinki kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndawafunsa kuti kapisozi wawo ali pati. "Aaa, ine ndinangokuonetsani kanema."

Nthawi yopuma, akugawa nsalu ya ukwati wa mwana wa ahedi, mwezi wamawa. Aliyense asoketse. Yofiirira, ya nyenyezi zagolide, yowala mpaka kuthobwa m'maso. Nsalu ya mwana wa ahedi munthu sukana, pokhapokha ngati ukufuna kuyang'anira zimbudzi za sukulu teremu yonse. Ndalandira ndi manja awiri.

Madzulo bambo a Tadala aima pakhomo la kachipinda, akuyang'ana chingwe chomwe chayambanso kuwerama. "Ine mathalauzi awiri omwewa chikwatirireni inu. Kapisozi ndinayamba kalekale, kungoti palibe anandijambula."

Ndaseka, koma mumtima simuli bwino. Bedi layambanso kubisala, ndipo kwatsala mawa lokha.

Loweruka

Dongosolo latsopano. Thumba lalikulu ndipite nalo kumsika wa pa Chonde, kwa mayi wina wa kaunjika amene timadziwana, ndikamusiyire ulere, ndibwere chimanjamanja. Kugula ayi. Kuyang'ana ayi.

Ndafika akudula mawaya a belo latsopano. Belo la majuzi! Azimayi azungulira, wina wandikankha kumbuyo, ndipo ndangozindikira ndili pakati, mkono uli m'kati mwa mulu mpaka pachigongono. Sindikudziwa kuti zachitika bwanji.

Mayi wa kaunjika thumba langa walikana. Wangosuzumira n'kulimanganso. "Izi aliyense pano akudziwa mwini wake. Ndikaziyala apa, dzuwa lisanalowe anthu ayamba kundifunsa kuti amadamu amwalira liti."

Ndabwera nazo:
- thumba lomwe lija
- juzi yochindikala ya Amayi (iyi siwerengedwa)
- ina ya Amayi, yosinthira
- jekete yofiira ngati tomato, yanga, yosagwirizana ndi chilichonse padziko lapansi
- chinanazi (chenicheni)

Wakondakitala wa minibasi amafuna thumbalo likhale ndi mpando wakewake. Ndalikhazika pamiyendo, njira yonse sindinaone kunja.

Masana onse m'kachipinda. Masutikesi ndakankhira pansi pa bedi, matumba pakona, zitenje ndapinda n'kuzisanja pachingwe. Chingwe chachiwiri amanga bambo a Tadala, Mulungu awadalitse. Bedi ndayala: bulangete labwino lija la alendo, pilo watsopano, kampando koti aziikapo mwendo. Kanjira kochokera pakhomo kukafika pabedi kalipo, bola munthu ayende cham'mbali.

Ndakhala pabedipo n'kuyang'ana. Khoma silikuoneka, paliponse nsalu. Amayi akangolowa adzati "ndikukupanikizani," ndipo ulendo uno adzakhala akunena zoona. Ndili ndi mantha, ndisabise. Sabata yonse yathera kufotokozera anthu za masiketi, chonsecho chimene ndikufuna ine n'choti mayi anga akhale pano mpaka mwendo upole.

Lamulungu

Kutchalitchi ndavala chitenje chatsopano cha apongozi ndi jekete ya tomato. Sizikugwirizana ngakhale pang'ono. Anthu andiyamikira.

Amayi afika masana ndi achimwene, tawatsitsa pang'onopang'ono pa njinga yamoto. Awonda. Mwendo uli womangamanga. Njinga ina yanyamula bokosi lawo lachitsulo, limene chikulireni sindinalionepo litatuluka m'nyumba.

Ndawalowetsa m'kachipinda ndikupepesa kale. "Amayi, pepani, ndinayesetsa kuchotsa, koma..." Sakundimva. Akuyenda cham'mbali m'kanjira kaja, ndodo dzanja ili, linalo likusisita nsalu pachingwe imodziimodzi. Iwo chitenje amati kapulana, mmene ankanenera kwawo ku Mozambiki.

"Kapulana iyi ndi ya ukwati wa mwana wa azakhali ako. Iyi unavala pamaliro a bambo ako. Nanga iyi anakupatsa ndani, yonyansa chonchi?"

Zinanazi.

Akhala pabedi, aika mwendo pakampando, ayang'ana uku ndi uku. "Ndimaopa kuti undiika m'chipinda choyera mbee, chopanda kanthu, ngati andigoneka kale kuchipatala. Muno muli anthu."

Kenako: "Tsegula bokosilo."

Makapulana okhaokha, lodzaza mpaka chivundikiro. Ena ndi akale kuposa ine. Atulutsa imodzi yosuluka, yopyapyala ngati khoko la anyezi, maluwa ake osaonekanso. Akuti ndi imene anandiberekera tsiku limene tinawoloka mtsinje pothawa nkhondo, ine ndili khanda. Sindinkadziwa kuti ilipo. "Iyi ndi yako. Enawa tiziwaona pang'onopang'ono."

Ndatuluka panja kukaona ngati mabulauzi auma. Sanaume. Ndaima komweko kaye, chifukwa maso anganso anali ndi ntchito yomweyo.

Kapisozi wanga pofika lero: zonse zimene ndinali nazo Lolemba, kuwonjezerapo nsalu ya apongozi, nyenyezi zagolide, jekete, ndi bokosi lachitsulo. Ndalephera, ndavomera. Madamu Esnati asadzandionetsenso foni.

Achimwene potsazika afunsa Amayi kuti adzawatenge liti. Ine mtima uli m'mwamba. Amayi osadzutsa n'komwe mutu, ali kalikiliki kupinda nsalu pamiyendo. "Loweruka undibweretsere nkhuku zanga. Zonse, ndi tambala yemwe."

Bambo a Tadala ali kuseri kwa nyumba, akuyeza malo a khola.