Yakhungu ya Jekete

Pulani inabadwira m'bala, Loweruka masana, patebulo lotsimphina lomwe mwendo wake umodzi anauchirikiza ndi bokosi la machesi. Woibereka anali Sipanala, makaniko yemwe anachotsedwa ntchito m'magalaja atatu chifukwa zida za eni ake zinkamukonda, zinkamutsatira mpaka kunyumba. Pambali pake panakhala Thumba, chimunthu chomwe chinapatsidwa mapewa a anthu awiri koma m'mutu muli mbee. Wachitatu ndiye mwini nkhani yathu, Jekete, munthu woti ngakhale dzuwa liswe mtengo simungamuone atavula jekete, ndipo ankadzitcha yekha katswiri wa makadi.

"Amwene, tcherani khutu," anatero Sipanala. "Bwana Misomali, uja wa sitolo ya zitsulo, walandira majenereta awiri atsopano ndi mabatire a sola. Zili m'chipinda cha katundu kuseri kwa sitolo. Mlonda amafika madzulo. Lamulungu masana bwanayo amakhoma geti n'kukwera ku ofesi yapamwamba kukasewera poka ndi anzake. Galimoto yolowa mumpanda ndi ya wosewera basi."

"Ndiye tilowa bwanji?" anafunsa Thumba.

"Jekete alowa ngati wosewera. Iwe ndi ine tili kumbuyo kwa pikapu, pansi pa tenti. Loko wa pachipindacho ndi mwana, ndimamudziwa. Tikapakira ndimutumizira uthenga, iye atsanzike, bwana atitsegulire geti ndi manja ake, atibayibitse."

Anaseka mpaka mowa kutayika. Ha! Mukanawaona, mukanati ndi anthu.

"Koma aise," Sipanala analoza Jekete ndi botolo, "sukupita kukawina. Ntchito yako ndi kuluza mwaulemu. Yakhungu ikakufika, ponya, ona makadi, taya, khala phee."

Kwa inu osadziwa: pa poka, makadi asanagawidwe, anthu awiri amakakamizidwa kuponya kandalama pakati pa tebulo asanaone chilichonse. Ndiyo yakhungu imeneyo. Imazungulira, aliyense imamufika. Wina akakweza mtengo, mwini yakhungu amasankha: kuwonjezera kuti aiteteze, kapena kutaya makadi n'kuisiya ipite.

"Imene ija ndi lendi ya mpando," anapitiriza Sipanala. "Ukaiponya si yakonso. Wamva?"

"Ukuphunzitsa ndani iwe?" Jekete anakonza kolala. "Ineyo makadi amandipatsa moni."

Pikapu sinali ya Jekete, ayi. Inali ya alamu ake, ndipo ndi yomwe inkadyetsa mlongo wake ndi ana anayi ponyamula mchenga ndi njerwa. Alamuwo anakana katatu, poti Jekete ankamudziwa ngati chikhatho chawo. Koma mlongo wake anagwada, nati achimwene asintha, akufuna kukanyamula mabenchi a tchalitchi. Kiyi anaperekedwa ndi mawu amodzi okha: ibwere isanakwane faifi, yopanda chokanda.

Lamulungu zinayenda mpaka kuchititsa mantha. Bwana Misomali anatsegula geti akumwetulira, poti wosewera watsopano wovala jekete amaoneka ngati chakudya. Pikapu inaimikidwa pafupi penipeni ndi chipinda cha katundu. Jekete anakwera masitepe akuimba mluzu.

Mu ofesi munali fani yolira ngati chigayo, makatani otseka, ndi anthu atatu: mphunzitsi wamkulu wina wosinza, wogulitsa nyama wonenepa, ndi amayi achikulire ovala magalasi, akumwa tiyi m'kapu yobwera nayo okha. Anali apongozi a bwanayo, namwino wopuma ntchito. Patebulopo ankawatcha Mayi Jakisoni, ndipo Jekete sanafunse chifukwa chake. Anawapatsa moni wa manja awiri, mumtima akuti awa ndiye adyedwa lero.

Yakhungu inamufika koyamba. Anaponya.

"Ndakweza," anatero amayi aja, osayang'ana n'komwe makadi awo.

Jekete anataya, mwaulemu, monga anauzidwira. Inazungulira, inamufikanso.

"Ndakweza."

Anatayanso. Kachitatu amayiwo anakokera ndalama kwawo, kenako anatembenuza makadi awo kuti aliyense aone: seveni ndi thuu, zinyalala zenizeni, makadi oti ngakhale mwana sangatole pansi.

"Pepani mwana wanga," anatero akupukuta magalasi. "Ndimangoona kuti ndinu munthu wofatsa."

Wogulitsa nyama anaseka mpaka kutsamwa. Jekete anamva kutentha kuyambira m'makutu kutsikira m'jekete. Munthu wofatsa! Iyeyo, yemwe anthu m'bala amamusunthira mpando! Anayamba kuwaona bwino tsopano. Yakhungu ya mphunzitsi ankaisiya. Ya mkamwini wawo ankaisiya. Koma ikangofika pa iye, kapu inkaikidwa pansi, kenako liwu lija, losalala ngati la munthu wofunsa njira. Uku kunali kuba, kuba kwa masana, ndipo chomwe Jekete ankadana nacho kwambiri pa moyo wake ndi kuberedwa.

Pansi, loko anagonja msanga. Thumba ananyamula jenereta ngati mwana wa mnzake, Sipanala akukoka mabatire. Anakonza katundu bwinobwino, anadzipanikiza pakati, n'kudzifunditsa tenti. Dzuwa linali pamutu, ndipo pansi pa tenti pankatentha ngati mu uvuni.

Foni ya Jekete inanjenjemera m'thumba. Anaisuzumira pansi pa tebulo: TATHA. TSIKA.

Anaimirira, namanga batani. "Akuluakulu, ndiyambe ndapita, kunyumba kuli alendo."

"Ayi bwana," anatero Misomali, "pano tili ndi lamulo. Munthu sachoka yakhungu ili pa iye. Ponyani kaye, mukataya makadi muzipita."

Zinali zophweka, abale. Kuponya, kutaya, kutsika masitepe khumi ndi awiri. Ngakhale Thumba akanakwanitsa. Jekete anaponya ali chiimire.

"Ndakweza," anatero Mayi Jakisoni. "Pitani bwino mwana wanga. Kanuko kasiyeni, ndikagulira mphaka wanga mkaka. Wayamba kale kukudziwani."

Jekete anamasula batani lija. Anakhala pansi.

Anatsegula makadi pang'onopang'ono: kingi ndi naini. "Ndatsatira," anatero mwaukali. Misomali anayala makadi atatu pakati, ndipo pakati pawo panali kingi wina, akumuyang'ana Jekete ngati m'bale wake.

"Ndakweza ineyo tsopano!" anakuwa, akumenya tebulo.

"Ndakwezanso," amayiwo anayankha, akuthira shuga mu tiyi.

Foni inanjenjemeranso: TIKUPSA KUNO. THUMBA WATULUTSA MPWEYA. Jekete anaizimitsa. Anakankhira pakati ndalama zonse zomwe anzake anamusonkhera, koma sizinafike pa mtengo wa amayi aja.

"Ngati zakuchepani tayani, si manyazi," anatero iwo. "Amuna ambiri amataya."

Dzanja linalowa lokha m'thumba. Nkhope ya mlongo wake inamubwerera, atagwada paja, koma anaikankhira kumbali, poti m'mutu mwake anali atawina kale. Awa ndi onama, amakweza ndi zinyalala, anadzionera yekha ndi maso ake. Kiyi anagwa patebulo, ngwee!

"Pikapu ili pansipo. Tsegulani tione!"

Mphunzitsi anadzuka kutulo. Misomali anafunsa kawiri ngati bwana atsimikiza, ndipo bwana Jekete anatsimikiza kawiri. Makadi awiri otsala anayalidwa, osathandiza aliyense. Jekete anaponya kingi wake monyada. Mayi Jakisoni anamaliza kaye tiyi, kenako anatembenuza awo: maeyisi awiri, akuluakulu a makadi onse.

"Zinyalala ndimaonetsa kuti anthu azikumbukira," anatero akutola kiyi. "Tiyeni tikaione galimoto yanga."

Anatsika onse, Jekete ali pambuyo. Anafuna kukuwa, koma akanakuwa kuti chiyani? Amayiwo anazungulira pikapu, anagogoda tayala ndi ndodo yawo, anakwera, naliza injini. Misomali anapita kukatsegula geti kuti apongozi ayese msewu.

Pansi pa tenti, anthu awiri omwe anali atapsa kwa ola lathunthu anamva injini ikulira, anamvanso geti likutseguka. Chimwemwe chinawaposa. Thumba anayamba kumenya bodi ya galimoto ngati ng'oma.

"Tadutsa! Jekete ndiwe shasha!"

Sipanala, mwini pulani, katswiri wa kusamala, anatulutsa mutu kunja kwa tenti kuti apume, akukuwa: "Misomali wapusa! Watitsegulira yekha chitsiru chija!"

Anapezeka akuyang'anizana ndi chitsirucho, maso ndi maso, chitagwira geti.

Panalibe kuthawa. Geti linatsekedwa, wogulitsa nyama anakhalira Sipanala, ndipo Thumba, yemwe miyendo inali itachita dzanzi, anangogwa yekha kuchokera m'galimoto n'kupempha madzi. Ku polisi anawaperekeza ndi Mayi Jakisoni okha, akuyendetsa mosamala, atatuwo atamangidwa ndi chingwe chatsopano cha m'sitolo, atakhala pa majenereta.

Dzuwa lisanalowe mlongo wake wa Jekete anafika ndi alamu aja. Wapolisi anawafotokozera kuti pikapu ndi umboni, ikhala pabwalopo mpaka mlandu udzathe, mwina miyezi isanu, mwina chaka. Mayi Jakisoni anawonjezera mwaulemu kuti ukadzatha mlanduwo padzakhala wina, poti iwo anaiwina pamaso pa mboni zitatu. Alamuwo anatuluka, nakakhala pansi pafupi ndi tayala la galimoto yawo, atagwira mutu.

Mlongo wake anayandikira kauntala pomwe Jekete anakhala pansi wopanda nsapato. Sanalire, sanatukwane.

"Achimwene, ndinakugwadirani ine. Mawa ana anga adya chiyani? Anzanuwa akuti uthenga unabwera, khomo linali lotsegula. Chinakukhazikaninso pansi n'chiyani?"

Jekete anadzutsa mutu, m'maso muli misozi ya munthu wolakwiridwa kwenikweni.

"Mlongo wanga, simunaone inu. Amayi awa amandibera yakhungu. Kanayi konse!"

Wapolisi anasiya kulemba. Anamuyang'ana Jekete, anayang'ana majenereta omwe anali pakona, kenako anatsegula tsamba latsopano.

"Akuberani, eti? Pepani kwambiri bambo. Tiyambe ndi dandaulo lanulo, kapena la anthu awa?"

Ndipo Jekete, chitsiru cha munthu, anayamba kuganizira.