A Lowapansi ndi kamlatho ka Chibwereza

Pa koleji pathu aliyense ankadziwa kuti a Lowapansi sachonga ntchito ya wophunzira ndi cholembera. Ankachonga ndi matumba a mchenga, mwini ntchitoyo atakhala pansi pake. Dzinalo linachokera pamenepo, moti lawo lenileni ngakhale ine amene ndinkakhala nawo ofesi imodzi ndinkachita kuliganizira kaye.

Tonse awiri tinkaphunzitsa ana ofuna kudzakhala mainjiniya. Teremu iliyonse tinkawagawa m'magulu, n'kuwapatsa zitsulo, matabwa ndi masabata ochepa kuti apange kanthu kogwirika ndi manja: kamlatho, kadenga, kapena shelefu yonyamula katundu wolemera. Ine ndinkachonga zojambula ndi masamu. Iwo ankadikira tsiku loyesa kuseri kwa wekishopu, atavala ovolosi yothimbirira, mchenga ataunjika ngati pamanda.

"Wapanga ichi ndani?"

"Ife, aphunzitsi."

"Chilimba?"

"Kwambiri. Masamu ake ndi awa."

"Masamuwo kawapatseni madamu. Inuyo lowani pansi."

Mukanawaona, abale inu! Anyamata a tayi, olankhula Chingerezi cha m'mphuno, akukwawa m'fumbi maso ali tong'o. Wina anapempha kuti ayambe waimbira foni mayi ake. Mtsikana wina analowa atavala zipewa zachitsulo ziwiri, china pamwamba pa chinzake. A Lowapansi ankangosanja matumba pamwamba, akuimba kanyimbo ka pamaliro chapansipansi. Lamulo lake analemba okha m'malamulo a dipatimenti: amene wanena kuti "basi" thumba lomaliza lisanaikidwe, walephera. Ankati munthu wosakhulupirira ntchito yake akufuna aikhulupirire ndani?

Ine zinkandinyansa, sindibisa.

"Achimwene, mudzapha mwana wa eni ake," ndinkatero.

"Madamu, ndikapanda kumuopseza lero, mawa adzapha ana a eni ake odzaza basi yonse, iye ali mu ofesi akumwa tiyi."

Tsiku lina shelefu inagweradi mnyamata wina n'kumuthyola chala chakuphazi. Bambo ake anabwera pa galimoto yaikulu, akutulutsa utsi m'mphuno, ndipo mkulu wa dipatimenti analetsa zoti wophunzira azilowa pansi pa chilichonse. Tonse tinapumira m'mwamba, tinkayesa zatha. Tsiku loyesa litakwananso, a Lowapansi anatulukira ndi kamphasa ndi nyuzipepala.

"Lamulo lati wophunzira asalowe. Za mphunzitsi silinanene kanthu. Ndilowa ine, matumba muzisanja ndinu."

Apa ndiye ana anaona zakuda. Kugwetsera mnzako chitsulo ndi nkhani ina, koma kupha mdala wa imvi anthu akuona! Iwo ankagona chagada pansipo, akupereka malangizo: "Mukandipha mukauze mayi a kunyumba kuti makiyi a njinga ali m'thumba lamanzere. Bokosi musapange inu, lingabooke." Zina zinkawagweradi. Mutu wawo unadzaza zipsera ngati poto wakale. Koma kunena zoona, wekishopu sinaonepo ana owotcherera zitsulo mosamala ngati a zaka zimenezo.

Ndiye panali Chibwereza. Anzake anamupatsa dzinalo chifukwa ankabwereza chaka, ndipo pa koleji pathu ukalephera kawiri umalongedza. Anali mnyamata wofatsa, wa manja abwino, koma wamantha ngati nkhuku yachilendo. Bambo ake anali atalengeza kale kwa abale onse kuti pakhomo pawo pakubwera injiniya. Obwereza ankagwira ntchito okha, opanda gulu, ndipo iye anapatsidwa kamlatho kachitsulo. Teremu imeneyo magetsi ankangothimathima, makina owotcherera n'kumazima munthu ali pakati pa ntchito.

Tsiku lake loyesa ngakhale mkulu wa dipatimenti anabwera kudzaonerera. A Lowapansi anayala kamphasa, n'kulowa.

"Yamba, mwana wanga. Ndili ndi njala, usandichedwetse."

Chibwereza anasanja matumba limodzilimodzi, thukuta lili kamukamu. Atanyamula lomaliza, kamlatho kanalira: kweee! Mnyamata anaima chilili, thumba lili paphewa.

"Aphunzitsi, tulukani."

"Ika thumbalo, iwe."

"Tulukani, chonde."

"Lamulo ukulidziwa?"

"Ndikulidziwa."

"Ukudziwa kuti ukalitula pansi thumbalo ukupita kwanu?"

"Ndikudziwa, bambo. Pali pena magetsi anandithimira, sindikudziwa ngati panagwira. Tulukani."

Analitula pansi, phi!

A Lowapansi anakwawa n'kutuluka. Anatola thumba lija okha n'kuliponya pamwamba. Kamlatho phee. Anawonjezera ena amene sanali pa mayeso n'komwe. Phee. Kenako anakwera okha pamwambapo, mdala wamkulu, n'kuyamba kudumpha ngati mwana pa matiresi. Kamlatho sikanagwedere ngakhale pang'ono. Atatsika sanayang'ane munthu.

Kumsonkhano wa aphunzitsi wovomereza zotsatira ndi kumene ndinawaona koyamba akupempha. Munthu amene sankagwadira aliyense anavula chipewa.

"Mwana uyu anasankha kutaya sukulu kuti asandiphe. Zaka zonsezi ndakhala ndikufunafuna injiniya wotere. Mupatseni malikisi ake."

Mkulu wa dipatimenti anawerenga lamulo lija pang'onopang'ono, ngati akumva kukoma. "Analemba ndani limeneli?"

"Ndinalemba ine. Ndiye ndikulifufuta."

"Nanga onse amene munawalepheretsa nalo zaka zonsezi, tiwaitanenso?"

M'chipindamo munali aphunzitsi amene a Lowapansi anawasekapo pagulu kuti sadziwa kugwira hamala. Tsiku limenelo linali lawo. Pokweza manja, okomera mnyamatayo tinali awiri basi, iwo ndi ine. Ndinakwiya mpaka kumenyetsa chitseko, koma chitseko sichibweza mwana kusukulu. Chibwereza analongedza.

Kuyambira pamenepo kamphasa kanangokhala kuseri kwa kabati. Teremu yotsatira ana atabwera kudzafunsa za tsiku loyesa, anangoti, "Kafunseni madamu." Ankakhala pa desiki akuyang'ana panja, tiyi n'kumazizira m'kapu. Ndinayesa kuwaputa kuti mwina atukwane monga kale, koma ayi ndithu. Chaka chisanathe anadwala matenda oumitsa ziwalo, ndipo sanadzukenso.

Pamaliro ndinamuona Chibwereza ataima kumbuyo kwa anthu. Anandiuza kuti amagulitsa misomali ndi malata mu sitolo ya amalume ake, ndipo bambo ake samulankhula mpaka lero.

"Madamu, ndikanangoika thumba lija, bwenzi pano ndili injiniya."

"Sunadziwe, mwana wanga. Kakanatha kugwa, n'kuwapha."

Anayang'ana bokosi kwa kanthawi.

"Nanga si amwalirabe."

Ndinangolira, ndipo sindikudziwa kuti ndinkalirira uti pa awiriwo.

Masiku ano ntchito za ophunzira timayesera pa kompyuta. Mlatho umaoneka pakhoma, wa mitundu yokongola, timaomba m'manja, aliyense n'kukhoza. Palibe amene amatuluka thukuta, palibe amene amaimbira foni mayi ake. Kuseri kwa wekishopu kuli zii, pamulu wa mchenga panamera udzu. Kamlatho kaja palibe anakachotsa. Matumba anaola, mchenga unauma gwa pamwamba pake, koma kali chiimire. Mvula ikayamba, ana achaka choyamba amathamangira pansi pake kukabisala, akukankhana ndi kuseka, osadziwa n'komwe kuti anakapanga ndani. Ndikawaona ndimatseka zenera.