Kafue Yense Wagwirizana Nane

Lolemba

Asainimenti ya kosi ya kafukufuku wa manambala yafika pa foni. Kosi yomweyi ndinalephera chaka chatha. Ndikalepheranso, mastazi yanga yathera pomwepo. Zimene a lekichala akufuna:

- ndifunse anthu okwera minibasi za ku Lusaka maganizo awo
- aliyense achonge yekha, kuyambira 1 (ndikutsutsa kwambiri) mpaka 5 (ndikugwirizana nazo kwambiri)
- kompyuta iwerengere mmene mayankho akusiyanirana
- zopeka ayi! Wopeka akagwidwa, achotsedwa

Kutumiza Lamulungu masana. Zosavuta izi. Ku Kafue kuno ndani alibe chonena pa za minibasi?

Lachiwiri

Pa siteshoni m'mawa. Bambo wina wa taye akukalipira kondakitala kuti minibasi ikuchedwa kudzaza, thukuta lili kamukamu. Ndati uyu ndiye wanga. Ndamupatsa pepala. Mfundo yoyamba: "Minibasi zimanyamuka pa nthawi yake." Wachonga 5. Ndamuyang'ana. "Ni va sukulu, ka? Sitingakugwetseni, ba sista." Wachonga 5 mpaka pansi, kenako wapitiriza kukalipira kondakitala.

Ena onse chimodzimodzi. Anthu abwino zedi.

Lachitatu

M'manotsi muli nzeru: ikani mfundo ina yotembenuza, kuti mugwire ongochonga. Ndawonjezera yakuti, "Minibasi zimachedwa nthawi zonse." Tione lero!

Kumsika, mayi ena ogulitsa nsomba za ku Chanyanya achonga 5 pa zonse ziwiri. Ndawafotokozera modekha kuti minibasi singanyamuke pa nthawi yake n'kukhalanso yochedwa. "Mwana wanga, wophunzira ndiwe. Ine nikutsutse?" Andiwonjezera nsomba imodzi ya basela.

Nsombayo ndi yokoma, sindinama.

Lachinayi

Mapepala otsala asowa patebulo. Kani amayi awatengera ku mapemphero a azimayi, osandifunsa. Abwera nawo madzulo atawakulunga m'chitenje, nkhope ili ngwee. "Tapempherera lililonse palokha." Cholembera chimodzi, 5 yekhayekha. Wina walemba "Ameni" pansi.

Ndimafuna kukwiya. Ndakanika. Ndawathirira tiyi.

Lachisanu

Ndalowetsa zonse mu laputopu. Mzere wa ma 5 kutsika ngati mapanelo a mpanda. Ndadina kuti iwerengere. Pamene payenera kutuluka nambala patuluka kadontho, ndi uthenga wakuti palibe kusiyana kulikonse koti iwerengere. Mayo ine!

Ndalembera a lekichala. Yankho lawo: "Anthu sangagwirizane pa zonse. Onaninso deta yanu." Bwerani ku Kafue mudzaone nokha, bwana.

Maganizo oipa andifikira. Kungosintha ma 5 angapo kukhala 2, angadziwe ndani? Chala chinali kale pa batani. Ndachita mantha, ndachitanso manyazi. Ndatseka laputopu, ndakachapa.

Loweruka

Njira yomaliza: malume a ku komboni ya Estates, amene anapuma ntchito ku njanji. Munthu ameneyu amatsutsa chilichonse. Abusa, nyengo, zigoli za mpira umene sanaonere, mchere wa m'ndiwo. Ndawapempha mwaulemu kuti angochita monga mwa masiku onse.

Ayamba bwino, mtima wanga mpaka kukhala pansi. Mafunso ndalemba molakwika. Minibasi ndi zitini. Sitima yakale ndiye unali ulendo. Mastazi ya masiku ano ndi fomu faifi yakale. Ine kumangoti eya, malume, pitirizani!

Avala magalasi, atenga cholembera. 5. 5. 5.

"Kukutsutsa pakamwa ni vina. Koma pa pepala yoyenda ku yunivesiti, mwana wa mlongo wanga? Awe."

Andiperekeza mpaka pa msewu, akutsutsa njira imene ndasankha.

Lamulungu

Ndatumiza. Ndalemba zoona zokhazokha: onse amene ndawafunsa akugwirizana nazo kwambiri kuti minibasi zimanyamuka pa nthawi yake, ndiponso kuti zimachedwa nthawi zonse. Pamalo pa matebulo a manambala ndaika ndime yofotokoza chifukwa chake. Mamakisi ambiri ali pa matebulowo, ndiye ndikudziwa kale mmene zithere.

Amayi abwera kuchokera kutchalitchi akuyimba. Apereka kale umboni kuti ndakhoza, mpingo wonse waomba m'manja. Akufunsa ngati ndikufunanso anthu ena oyankha, kwaya yadzipereka. Ndati zikomo amayi, mwandithandiza mokwanira.

Mtima ukuwawa ndithu, zaka ziwiri si masewera. Koma ndikwiyire ndani? Tauni yonse yandigwetsa pofuna kuti ndikhoze.